Jezi ya Arsenal ya 2024/25: nsalu ndi yabwino, vuto lili pamkono

Jezi imene ndikunena pano si orijino, ndipo amene anandigulitsa mumsika wa Limbe sanabise. Ndinalipira K28,000 titanenerera. Pa ndalama imeneyo ndi katundu wabwino. Nsalu yake ndi yopepuka, siikakamira thupi ngakhale dzuwa la Okutobala, ndipo kufiira kwake sikunasuluke ngakhale ndaichapa kambirimbiri ndi sopo wamtanda. Baji yake ndi mfuti yaikulu ija yokhayokha, monga momwe adidas anapangira jezi ya chaka chimenecho, ndipo anaisoka bwino. Chofooka chili pakolala, pamene ulusi unayamba kutuluka mwezi usanathe. Saizi zake ndi zazing'ono. Ngati mumavala L, tengani XL. Musaisite pamalembo, amamatirira ku ayironi.

Koma chimene chandilembetsa ndi mawu awiri amene ali pamkono wakumanzere: Visit Rwanda.

Arsenal inayamba kuvala mawu amenewa mu 2018, ndipo manyuzipepala a ku Britain ankanena kuti boma la Rwanda linkalipira mapaundi pafupifupi 10 miliyoni pachaka. PSG inalowa mu 2019, Bayern Munich mu 2023. Rwanda imati ikungoitanira alendo odzaona malo, ndipo alendowo amabweradi. Chilolezo chokaona anyani a gorilla m'mapiri a kumeneko ndi madola 1,500 munthu mmodzi. Pamenepo palibe cholakwika, ndipo ndimalakalaka ife tikanamatsatsa nyanja yathu mwakhama lotero.

Komabe amene akugula malo pamkonopo ndi boma, osati kampani ya sopo. Paul Kagame, yemwe ndi sapota wa Arsenal wodziwika, wakhala pulezidenti kuyambira 2000, ndipo mu 2024 anapambana ndi mavoti oposa 99 peresenti, ena amene ankafuna kupikisana naye ataletsedwa. Akatswiri a United Nations analemba kuti asilikali a Rwanda masauzande ali kum'mawa kwa DRC kuthandiza zigawenga za M23, ngakhale Rwanda imakana. Mu Januwale 2025 M23 inalanda mzinda wa Goma. Pankhondo ya masiku amenewo panafa asilikali athu atatu a MDF amene anapita pansi pa SADC, ndipo posakhalitsa Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analamula kuti asilikali athu akonzekere kubwerera kumudzi. Mu Febuluwale 2025, nduna ya zakunja ya DRC, Thérèse Kayikwamba Wagner, inalembera Arsenal, PSG ndi Bayern kupempha kuti athetse migwirizanoyi.

Sabata imene nkhani ya asilikali athu inamveka, ndinakaonera mpira kuvidiyo ya m'dera lathu monga mwa masiku onse. Munali thithithi, ambiri titavala zofiira. Kamera ikatsata Ødegaard akukonza mpira pakona, mkono uja unkadzaza sikirini yonse, ndipo zikwangwani zowala za m'mbali mwa bwalo zinkabwereza dzina lomwelo. Olengeza mpira anakamba za majeremusi a chimfine mutimu, za ofusayidi, za amene wavulala. Za Goma sindinamve ngakhale liwu limodzi. Mnyamata amene anakhala pafupi nane ali ndi achimwene ake ku usilikali, ndipo foni yake ankangoitulutsa n'kuibwezera m'thumba mphindi iliyonse. Nayenso anali atavala jezi yomweyi.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene ndalama zija zimagula. Sakulipira kuti wina aname pa TV. Akulipira kuti dzina la dziko lizimveka nthawi imene mtima wako uli pachisangalalo, Saka atagoletsa, sabata ndi sabata, mpaka ukamva Rwanda uzikumbukira chigoli, mapiri obiriwira ndi David Luiz akujambulitsa ndi anyani mu 2019. Nkhani ya nkhondo imabwera pawailesi mphindi ziwiri n'kudutsa. Mpira ndi mphindi 90, ndipo umabwera ndi nyimbo. Njirayi siithera pa majezi okha: Kigali inalandira msonkhano waukulu wa FIFA mu 2023, ndiponso mpikisano wa dziko lonse wa njinga mu Seputembala 2025. Chondipweteka n'chakuti ife ogula majezi a feki timanyamula uthengawu ulere, m'minibasi, kutchalitchi Loweruka, ngakhale pamaliro, popanda tambala imene yatifika.

Sindikunena kuti Mnyarwanda aliyense ali ndi mlandu, ndipo timu yanga sindiisiya. Arsenal inalengeza mu Novembala 2025 kuti mgwirizanowu utha kumapeto kwa sizoni ya 2025/26, koma majezi akale adzakhala m'misika yathu zaka zambiri.

Yanga ndinapita nayo kwa telala. Kumatula malembo kunakanika chifukwa anawamata ndi moto ndipo amasiya chipsera, choncho anasokerapo kansalu koyera kofanana ndi mkonowo, anandilipiritsa K1,500. Patali sizioneka. Ngati mukufuna jezi imeneyi, gulani, nsalu yake siikukhumudwitsani, koma funsani kaye wogulitsa ngati ali ndi yopanda malembo pamkono. M'mabelo ena zimapezeka, ndipo mtengo wake ndi womwewo.