Kwa okonda ndege zakale, kaoneni SAA Museum ku Rand Airport

Amene muli ku Joni kuno ndipo mumakonda ndege, pali malo ku Germiston pa bwalo la Rand Airport omwe ndikufuna ndikuuzeni, ndi miziyamu ya South African Airways Museum Society. Anthu ambiri akafika amathamangira ma Boeing 747 awiri aja, makamaka Lebombo yomwe inadutsa pamwamba pa Ellis Park tsiku la fainolo ya rugby mu 1995, inde ndi chindege chochititsa kaso, koma ine chinanditengera kumeneko ndi ndege za mapulopela zija, ndipo sindinagwiritsidwe mwala.

Ubwino wake ndi woti ndegezi umaziyandikira, kuzungulira mbali zonse, ndiye kusiyanitsa kwake umakuphunzira ndi maso osati pa chithunzi cha pa foni. Ine njira yanga ndi yoyamba kuwerenga ma injini kenako kuyang'ana mchira kenako matayala. Lockheed Lodestar ili ndi ma injini awiri, zipsepse za kumchira ziwiri, ndipo imakhala chogwada kumbuyo chifukwa tayala laling'ono lili kumchira. De Havilland Dove ndi kandege kakang'ono ka anthu ochepa chabe, komatu iko kali ndi tayala kutsogolo ndiye kamaima mowongoka. Pali Vickers Viking yonenepa thupi, yochokera ku ndege yankhondo ya Wellington, inayamba kuuluka mu 1945, ndipo imeneyi mbiri yake ndi yosangalatsa chifukwa inakhala zaka zambiri ili pa denga la garaja ina kummwera kwa Johannesburg mpaka anakaitsitsa mu 1987. Mtundu wa Viking ndi wa Dove womwewu ndi umene Central African Airways inkagwiritsa ntchito kwathu nthawi ya Nyasaland, ma Viscount asanabwere mu 1956.

Starliner ndiye simungaisokoneze ndi ina iliyonse. Zipsepse zitatu kumchira, ma injini anayi, miyendo italiitali, thupi lopindika ngati nsomba ikusambira, mapiko aatali owongoka. Ndi chitsirizira m'banja la ma Constellation ndipo Lockheed anapanga 44 zokha chifukwa ma jeti anali atafika kale pakhomo, ya pano inali ya Trek Airways. Kukongola kwake ayi ndithu palibe yoifikira pamalopo.

Koma pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa DC-4. Siyokongola ngati Starliner, ndi ndege ya ntchito basi, ma injini anayi, chipsepse chimodzi chachitali, tayala kutsogolo, mawindo ozungulira ang'onoang'ono. Mkati mwake simunkapopedwa mpweya ngati ndege za lero ndiye inkauluka m'munsi momwe muli mphepo ndi mitambo, kugwedezeka ndi phokoso njira yonse. Mtundu umenewu ndi womwe Wenela inkanyamulira azigogo athu popita ku migodi, pamodzi ndi ma DC-3, kuchoka pa Chileka kukatera ku Francistown kenako sitima mpaka ku Joni. Tangoganizani mnyamata wa kumudzi ku Dedza kapena ku Mzimba yemwe mwina ngakhale basi sanaikwerepo kawirikawiri, lero wakhala m'chinthu chimenechi mapulopela anayi akulira pawindo. Ndipo inali DC-4 ya Wenela yomwe inagwa ku Francistown pa 4 April 1974 itangonyamuka ulendo wa ku Blantyre, anthu 78 anafa ndipo ambiri mwa iwo anali Amalawi obwerera kwawo atamaliza kontilakiti, katundu wa ana ali m'masutikesi. Kamuzu atamva analetsa Wenela kulemba anthu ntchito m'Malawi. Nkhaniyi ndinaimva kuyambira ndili mwana koma kuima pansi pa phiko la ndege ya mtundu womwewo, kuona kukula kwa tayala ndi khomo lomwe ankalowera, mtima unandiwawa mwa mtundu wina.

Viscount ndi HS 748 zomwe ambiri timakumbuka za Air Malawi ndi za m'badwo wotsatira, mapulopela ali pomwepo koma injini ndi Rolls-Royce Dart, ndiye mmalo mogunda zinkalira mluzu wobaya m'makutu, ndipo Viscount mumaidziwira mawindo ake akuluakulu obulungira. Mukaona za pa Rand izi ndi pomwe mumamvetsa chifukwa chomwe anthu ankaitamira Viscount itangofika.

Amene amasamala ndegezi ndi anthu ongodzipereka, ambiri okonda ndege komanso omwe anagwirapo ntchito ya ndege, ndipo mukawafunsa amayankha ndi mtima wonse, musachite manyazi. Mkati mulinso mayunifomu akale, zithunzi ndi tindege tachitsanzo tambirimbiri, ana amasangalala nato kwambiri. Ndege zambiri zili panja ndiye tengani chipewa ndi madzi, dzuwa la ku Gauteng pa simenti silisewera, komanso yambani mwafunsa masiku ndi nthawi yotsegulira musananyamuke. Ngati kwanu kuli mdala yemwe anapitako ku Wenela ndipo ali pafupi, mutengeni, kapena mujambulireni DC-4 ija mbali zonse mumutumizire pa WhatsApp, mudzamufunse kuti ankakhala mpando wa mbali iti.