Miyezi isanu ndi itatu ndikuwerenga zonena za ana ndi njira ya Chi

Ndinayamba kugwiritsa ntchito njirayi mvula itangogwa, pofufuza momwe ana a Giredi 6 kuno ku Chipata amafotokozera mafulakishoni. Pano chimanga chili m'nkhokwe, ndipo njirayi sindinaisiye.

Michelene Chi, katswiri wofufuza momwe anthu amaphunzirira, anailemba mu 1997, ili ndi masitepe asanu ndi atatu. Mwachidule, umajambula mawu a ana, n'kuwalemba, kuwadula m'tizigawo, kupatsa kachigawo kalikonse chizindikiro chosonyeza mtundu wa zimene mwana wanena, kenaka n'kuwerenga. Zizindikirozo ndimaika ndi Taguette, pulogalamu yaulere yosafuna intaneti, kuwerengako ndimachitira mu Excel. Izi sizinandivute.

Thukuta linatuluka pa kudula. Poyamba ndinkawerenga mawu amodziamodzi, ndipo ana olankhula Chingerezi ankaoneka ngati oganiza kwambiri. Chonsecho mwana akati "ndinazigawa", m'liwu limodzilo muli wogawa, nthawi, ndi zogawidwazo. Ndinataya masabata atatu ndisanazindikire kuti ndiyenera kudula pamene ganizo lathera. Ndinalekanso kumasulira mawu a ana m'Chingerezi ndisanaike zizindikiro, chifukwa pomasulirapo ndinkawakonzera maganizo osadziwa.

Mtsikana wina, wachete kwambiri m'kalasi, anati: "Hafu ni yaikulu kupambana kota, chifukwa chitumbuwa mukagawana awiri mukhuta, koma anayi mungonyambita." Ine ndinaika chizindikiro cha kufotokoza. Amayi ena amene timaphunzitsa limodzi, omwe ndinawapempha kuti aike zizindikiro paokha osaona zanga, anaika cha chitsanzo chabe. Titawerengera kappa ya Cohen, nambala yoonetsa momwe oika zizindikiro awiri agwirizanirana, yomwe imachotsa kugwirizana kongochitika mwamwayi, inatuluka yotsika. Zinandipweteka. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango Loweruka lathunthu, tikulemba tanthauzo la chizindikiro chilichonse pamodzi ndi mawu enieni a mwana. Tinagwirizana kuti pamene mwana wapereka chifukwa, pamenepo wafotokoza, kaya watchula chitumbuwa kaya nambala. Titabwereza, tinasiyana m'malo ochepa.

Chimene njirayi sindinathe kugwira nayo ndi "eee" wa kalasi yonse, komanso mwana amene amayankha ndi zala. Zimenezo ndimalemba m'kope lapadera.

Aphunzitsi anzanga amene mukufuna kuiyesa, pezani wachiwiri woika zizindikiro kuyambira sabata yoyamba, wodziwa chilankhulo cha anawo, ngakhale Chinsenga ngati chimamveka m'kalasi mwanu. Ine ndinachedwa kumufuna, ndipo mapepala a teremu yathunthu ndinawayambanso.