Magazi, sikani kapena biopsy: chimene chimanenadi kuti thupi likukana chiwindi

Anzanga amene tinaikidwa chiwindi cha munthu wina sasiya kundifunsa: n'kubayidwiranji singano ya biopsy, yochotsa kachidutswa ka chiwindi kuti akakaunike ngati thupi likuchikana, pomwe magazi amayezedwa kale? Ndikuyankheni pano nonse pamodzi.

Za magazi tonse timazidziwa. ALT, AST, GGT ndi bilirubin, zomwe amayeza m'magazi poona mmene chiwindi chilili, zikakwera ndiye kuti chiwindi chikudandaula, koma sizinena chomwe chikuchivuta. Njira ya ndulu ikaning'a, manambala amakwera. Kachilombo ka CMV kakadzuka, amakweranso, ngakhale mankhwala ena amene timamwa amawakweza. Magaziwa ali ngati galu wouwa usiku, wakudzutsani ndithu koma sakuuzani ngati panjapo pali mbala kapena mphaka.

Sikani ya Doppler imagwira bwino mtsempha wotsekeka ndi njira za ndulu zotupa, koma kukana siyikuona. Kuyeza kwatsopano kwa dd-cfDNA, kofufuza tizidutswa ta DNA ya chiwindi chopatsidwacho m'magazi mwathu, ndimakufunira zabwino, kungoti nakonso kumakwera chiwindi chikavulala pa zifukwa zina.

Ndiye patsala biopsy. Dokotala woyang'ana pa maikulosikopu amatsata muyezo wa Banff wa mu 1997. Amaona zinthu zitatu: kutupa kwa timalo totchedwa portal tract, momwe mumadutsa timitsempha ndi tinjira ta ndulu, kuonongeka kwa tinjira ta ndulu, ndi kutupa kwa m'kati mwa timitsempha. Chilichonse amachipatsa 0 mpaka 3, zonse pamodzi mpaka 9. Mu 2016 anaunikanso muyezowu n'kufotokoza bwino kukana kobwera ndi ma antibody (zida za chitetezo cha thupi zoyenda m'magazi), kumene amakufufuza ndi utoto wa C4d. Palibe njira ina imene imafika pamenepa.

Koma apa mpamene pali chakukhosi changa. Biopsy ili ndi vuto lobisika: kukula kwa kachidutswa. Ine manambala atakwera anandibaya, kachidutswa kanatuluka kakang'ono, ma portal tract osakwana ngakhale asanu. Lipoti linabwera lopanda mutu, akuti mwina ndi kukana, mwina ayi. M'malo mobwereza, anangondipachika diripi yamphamvu ya methylprednisolone, steroid yopondereza chitetezo cha thupi. Shuga anakwera, tulo tinathawa, nkhope inafufuma mpaka ndinkadzidabwa pagalasi, koma bilirubin osatsika ayi. Atadzajambula njira za ndulu ndi sikani ya MRCP mpamene anapeza kuti pamene analumikiza njirazo poika chiwindi panali pataning'a. Chitetezo cha thupi langa anachipondereza pachabe, ndipo kwa munthu amene akumwa kale tacrolimus, mankhwala oletsa thupi kukana chiwindi, si nkhani yamasewera.

Kukana sikugwira chiwindi chonse mofanana, n'chifukwa chake kachidutswa kochepa kangakuphonye. Komanso matenda a njira za ndulu kapena hepatitis C yobwerera amatha kuoneka ngati kukana m'maso mwa munthu amene sayang'ana ziwindi zoikidwa kawirikawiri.

Pa njira ziwiri zotengera kachidutswako, ine ndimasankha yobaya pakati pa nthiti. Imatulutsa kachidutswa kokulirapo, ngakhale pamafunika kugonera kumanja maola angapo poopa kutaya magazi. Yodzera mumtsempha wa pakhosi ndi ya amene magazi awo akuchedwa kuundana kapena ali ndi madzi m'mimba, ndipo kwa iwo ndi yotetezeka, koma tizidutswa take nthawi zina timatuluka topyapyala ndi toduka.

Ine masiku ano biopsy ndimavomera msanga, koma diripi ya ma steroid isanapachikidwe ndimafunsa kuti ma portal tract apezeka angati, waona ndani, nanga njira za ndulu zajambulidwa kale kapena ayi.