Elvis ya 2005 ija ndaionera, gawo loyamba ndiye moto

Dzulo usiku ndamaliza kuonera Elvis, sewero la pa TV la magawo awiri lomwe kanema wa ku America wa CBS anaonetsa mu May 2005, ndipo ndikuuzeni abale gawo loyamba lokhalo ndalama ya DVD yabwerera kale. Amene akusewera ngati Elvis Presley, woimba wotchuka wa rock and roll wa ku America, ndi Jonathan Rhys Meyers, mnyamata wa ku Ireland ameneyu, koma mmene akunjenjemeretsera miyendo, kamlomo kupotokera mbali imodzi, tsitsi lonyezimira mafuta, umaiwaliratu kuti si wa ku Memphis, mzinda womwe Elvis anakulira. Anawina nalo mphoto ya Golden Globe ndipo ine sindikutsutsa olo pang'ono. Mawu oimbawo si ake, anaikamo nyimbo zenizeni za Elvis iye nkumangotsatira ndi milomo, pena zimaonekera ndithu koma bola choncho kusiyana ndi woyeserera.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi mayi ake Gladys, omwe akuseweredwa ndi Camryn Manheim. Paja Elvis anabadwa mapasa mu 1935 ku Tupelo, mnzakeyo anabadwa atafa kale, ndiye mayiwa anatsala ndi kamwana kamodzi komweka ndipo amakasunga ngati dzira. Mwana akutchuka, atsikana akukuwa mpaka kumung'ambira malaya, koma nkhope ya mayi ikungoonetsa mantha okhaokha kuti anthuwa andiphera mwana. Pomwe amamwalira mu August 1958, Elvis ali ku usilikali, ine ndinaimitsa kaye laputopu nkukhala duu kwa kanthawi, zinandikumbutsa mayi anga mmene amakhalira maso kudikira kuti ndilowe m'nyumba kaye.

Za ku Sun Records, kampani yomwe inayamba kutulutsa nyimbo za Elvis, nazo azikonza bwino, 1954 kastudiyo kakang'ono ka Sam Phillips, mnyamata woyendetsa thiraki ya kampani ya zamagetsi ali ndi Scotty Moore pa gitala ndi Bill Black pa besi, atopa palibe chikutuluka, kenako mongocheza nkuyamba That's All Right basi zinthu nkusintha. Koma apa ndi pomwenso ndili ndi dandaulo. Nyimbo imeneyo ndi ya Arthur Crudup, woimba blues wachikuda yemwe anaijambula mu 1946 ndipo anamwalira mu 1974 ali wosauka, akulimbanabe ndi nkhani ya ndalama za nyimbo zake. Sewero la pafupifupi maola atatu limayenera kukhalitsa pa anthu ngati amenewa, osangowadutsa, chifukwa rock and roll sinagwe kumwamba ayi.

Randy Quaid ngati Colonel Tom Parker, manijala wa Elvis, ndinamuda zenizeni, kutanthauza kuti ntchito anaigwira. Ndi mkulu ameneyu anakoka Elvis kupita ku kampani yaikulu ya nyimbo ya RCA mu 1955, kontrakiti inagulidwa $35,000.

Gawo lachiwiri lathamanga mopitirira, usilikali ku Germany, Priscilla yemwe anadzakhala mkazi wake, mafilimu a ku Hollywood, Ann-Margret yemwe anasewera naye filimu, zonse phuruphuru ngati akuopa kuti nthawi yatha, sumapeza mpata woti umve chisoni kapena kukwiya. Limadzadzukanso kumapeto pa pulogalamu ya nyimbo ya pa kanema wa NBC ya 1968, Elvis atavala zachikopa zakuda thukuta lili kamukamu, ndipo nkhani imathera pomwepo. Ngati mukufuna za mashow ake a ku Las Vegas ndi imfa yake ya mu 1977 muno mulibe, koma za mmene anayambira ndi za mayi ake aja onerani ndithu, ine gawo loyambalo ndilibwereza Loweruka.