JVC GR-C1 ya 1984: imajambulabe bwino, koma imafuna kuwala kokwanira

Ndinagula kamera ya vidiyoyi kwa munthu wogulitsa zinthu zakale pa intaneti, itakwanira ndi chikwama, tchaja ndi adaputala ya tepi. Batire inafika itafa kale, ndipo wogulitsayo sananene, moti ndimangoilumikiza ku magetsi a kukhoma. Kamera yeniyeniyo ilibe vuto. Imalemera pafupifupi makilogalamu 2, ndipo mu 1984 chimenecho chinali chodabwitsa, chifukwa m'mbuyomo wojambula ankanyamula kamera kumanja, chojambulira tepi chili pa lamba paphewa, pakati pali nthambo.

Amene wazolowera foni adziwiretu kuti muno chithunzi chimapangidwa ndi chubu cha galasi chotchedwa Saticon. Kuwala kukadutsa pa lenzi kumagwera pankhope ya chubucho n'kusiyapo mphamvu ya magetsi, yambiri powala, yochepa pamdima. Kenako ma electron (tinthu ting'onoting'ono ta magetsi) ochokera kumbuyo kwa chubu amasesa nkhopeyo mzere ndi mzere, kuwerenga mphamvuyo. Makamera a m'nyumba zoulutsira TV ankakhala ndi machubu atatu, chofiira, chobiriwira ndi cha buluu. Iyi ili ndi chimodzi chokha, ndiye mitundu imaitola kudzera m'timizere topyapyala kwambiri ta mitundu tomwe tili kutsogolo kwa chubu, zipangizo zamkati n'kuisiyanitsa. Ndiye chifukwa chake mitundu yake ndi yofewa, ndipo chofiira chimakonda kusefukira pang'ono m'mbali mwa chinthu.

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene imachitira ndi nyali. Ndinajambula kandulo patebulo n'kutembenuza kamera pang'onopang'ono: lawi linakoka mchira wautali ngati chikuni chamoto chimene mwana akuzunguza usiku, mchirawo n'kuzilala wokha. Chubu chimachedwa kuiwala malo owala kwambiri. Ndayesapo mapulogalamu a pafoni otengera maonekedwe amenewa, koma safika pamenepo. Khalidwe lomweli ndi loopsanso. Mukailozetsa padzuwa, chubu chimapsa banga losachoka, ndipo china n'chovuta kuchipeza masiku ano. Chivindikiro cha lenzi chizikhalapo nthawi zonse pamene simukujambula.

M'nyumba madzulo chithunzi chimada, nkhope zimachita mbuu, munthu akasuntha amasiya chithunzithunzi m'mbuyo. Panja masana chimakongola ndithu. Fokasi ndi yamanja, ndipo kagalasi koonera kamaonetsa zakuda ndi zoyera zokha, choncho ngati mitundu yalakwika mumadziwa mukaonera pa TV.

Tepi yake ndi VHS-C, kaseti yaing'ono ya VHS, ya mphindi 30 pa mtundu wa PAL (umodzi mwa mitundu ya kaulutsidwe ka zithunzi za TV). Mumailowetsa mu adaputala n'kuiika m'deki ya VHS wamba, kapena kuonera pakamera pomwepo, zimene kamera ya Sony ya 1983 yotchedwa Betamovie sinkatha. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Musanalipire, uzani wogulitsa akutumizireni kanema wa khoma loyera wojambulidwa ndi kamerayo, kuti muone ngati chubu chili ndi mabanga.