Foni, mita kapena dozimita: tiyezere chiti phokoso la pantchito?

Ndimagwira ntchito mu shedi yopala matabwa ku Makata. Anzanga a m'zigayo ku Ndirande ndi owotcherera zitsulo ku Limbe amakonda kundifunsa ngati phokoso lawo lafika powononga makutu. Zida zitatu zoyezera ndazigwirapo, ndiye nazi zomwe ndaona.

Choyamba, nambala ya madesibelo, muyezo wa kukula kwa phokoso, payokha siikuuzani kanthu ngati simunawerengere nthawi. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo ndi umoyo pantchito, limati malire ndi madesibelo 85 kwa maola 8. Phokoso likakwera ndi 3, nthawi imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 94 ndi ola limodzi, pa 100 ndi mphindi 15 basi. Ndipo makina awiri a 85 akamalira pamodzi safika 170, amafika 88. Kaphokoso kooneka kochepa ka 3 kameneko ndiye kuti khutu lalandira mphamvu yowirikiza kawiri.

Foni ndi yomwe aliyense amayambira poti ili kale m'thumba. Vuto lake, maikolofoni a foni anawapangira mawu a munthu, osati kulira kwa galayinda. Ine ndinaikapo Tecno ndi Itel pambali pa sowa imodzi, iliyonse n'kupereka nambala yakeyake, ndipo phokoso litakula ina inangoima pamodzimodzi. N'chifukwa chake pulogalamu ya NIOSH yoyezera phokoso anaitulutsira pa iPhone pokha: mafoni a Android ndi osiyanasiyana kwambiri. Foni ndi yabwino kuonetsera abwana kuti pali nkhani. Kupitirira apo, ayi. Ndipotu pali njira yaulere yomwe siisiyana nayo kwenikweni: ngati mukufunika kukuwa kuti mnzanu amene waima potalika mkono umodzi akumveni, mwayandikira kapena mwadutsa 85.

Mita ya m'manja ndi chida chenicheni. Ya Class 2 imakwanira ntchito zathuzi, bola muiike pa A, poyezera mofanana ndi mmene khutu limamvera, ndipo muyambe mwaiyesa ndi kachipangizo kake kotulutsa phokoso la madesibelo 94. Muigwire pafupi ndi khutu la wogwira ntchito, osati pakhomo pomwe oyendera ena amaimirira poopa fumbi. Ubwino wake imaloza wolakwa. Kwathu tonse tinkanena jenereta, koma mita inaonetsa kuti ndi makina opalira, makamaka mipeni ikabuntha. Pomwe imalephera ndi pa munthu woyendayenda: kalipentala amadula mphindi zingapo, n'kukakhoma misomali, n'kupita kukanyamula matabwa panja. Kuti mupeze zomwe khutu lake lalandira tsiku lonse, muyenera kulemba nthawi ya pamalo alionse n'kuwerengera, ndipo palibe amene amakumbukira bwino.

Apa ndi pomwe dozimita imaposa zonse. Imamangiriridwa paphewa m'mawa, n'kuchotsedwa poweruka, ndipo imasonkhanitsa phokoso lonse la shifiti n'kulipereka ngati peresenti; 100 ndiye malire a tsikulo. Ndi yodula, ndipo siikuuzani makina omwe abweretsa vuto. Komanso anyamata ndi anyamata: wina amaimbira nyimbo m'maikolofoni, wina amaivula n'kuisiya pa benchi popita ku nkhomaliro. Chenjerani ndi mmene aitcherera, poti imatha kutsata malamulo osiyana. Lamulo la OSHA, bungwe lina la ku America komweko, limayambira pa 90 ndipo limadula nthawi pakati phokoso likakwera ndi 5. Pa madesibelo 95, OSHA imalola maola 4 pomwe NIOSH imalola mphindi zosakwana 50. Munthu yemweyo, tsiku lomwelo, lipoti lina limati ali bwino, lina limati wadutsa malire kangapo. Wina akakubweretserani lipoti, mufunseni kuti watsata ziti. Ine ndimakhulupirira za NIOSH.

Nanga kugontha kumabwera bwanji? Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tsitsi, tomwe phokoso limatitopetsa mpaka kufa, ndipo tikafa sitimeranso. Poyamba mumaweruka m'makutu mukulira ngati nyenje, m'mawa n'kupeza zatha. Kenako zimasiya kutha. Mawu oonda, a pafupi ndi 4000 Hz, ndi omwe amayamba kusowa, ndiye mumamva kuti mayi a kunyumba akulankhula koma "s" ndi "f" osazigwira, n'kumawanena kuti akung'ung'udza. Zimenezi palibe mita ingakuonetseni. Zimaoneka poyezetsa makutu, ndipo ku Queens kuli kiliniki yake. Pitani m'mawa musanalowe m'phokoso, chifukwa khutu lotopa limanamiza zotsatira, ndipo pepalalo mulisunge kuti chaka chamawa mudzayerekeze.

Mukakhala inu a chigayo, poti mumaima malo amodzi ndipo injini imalira mofanana tsiku lonse, mita yobwereka kwa ola limodzi yakukwanirani. A mu shedi ngati ife, ndi owotcherera amene galayinda amaigwira mwa apo ndi apo, tisonkherane tibwereke dozimita.