Nyumba yakale yogona alendo pa Boma la Mangochi: pemphani chipinda chakutsogolo

Malo ogona alendo amenewa ali pafupi ndi mtsinje wa Shire, kamtunda koyenda wapansi kuchokera pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria yomwe inamangidwa mu 1903. Chuma chenicheni cha malowa ndi nyumba yakutsogolo, imene mamangidwe ake ndi aja a nthawi yomwe tauni ino inkatchedwa Fort Johnston, dzina limene atsamunda anabwera nalo mu 1891, sitima zapamadzi zikukocheza pano ndipo apaulendo akufuna pogona podikira ulendo wa panyanja.

Zipupa zake ndi za njerwa zowotcha, zochindikala moti pazenera pamakhala mpata wokhazikapo beseni. Denga la malata analikweza kwambiri, ndipo khonde lalikulu lokhala ndi zipilala linazungulira nyumbayo, kotero kuti dzuwa la masana silifika pazipupa. Aliyense amene amadziwa mmene Mangochi imatenthera mu Okutobala amvetsa phindu la zimenezi, chifukwa ngakhale magetsi atazima, m'zipinda zimenezi munthu amagona tulo osasamba thukuta. Amisiri aja anamanga akudziwa nyengo ya kuno, ndipo wofuna kuyerekeza angakaone nyumba yakale ya Gymkhana Club, mmene tsopano muli malo osungirako zinthu zakale otchedwa Lake Malawi Museum.

Chondiwawa mtima ndi zimene zinawonjezeredwa pambuyo pake. Kuseri kuli mdadada wa zipinda za mabuloko a simenti, denga lake lotsika, mazenera ake ang'onoang'ono, ndipo usiku mumakhala ngati mu uvuni. Mbali imodzi ya khonde anaitseka n'kusandutsa mosungira katundu, motero mphepo yochokera kumtsinje sidutsanso monga kale. Pamitanda ina ya denga pakuoneka mizere ya dothi ya chiswe, ndipo eni ake akachedwa kuchitapo kanthu, adzataya matabwa amene masiku ano sapezeka wamba.

Kumbali ya chisamaliro ndilibe dandaulo: zofunda ndi zochapa bwino, masikito alibe zibowo, ogwira ntchito ndi aulemu, ndipo chambo chowotcha chimabwera chikadali chotentha pamodzi ndi nsima.

Popeza zipinda zakutsogolo ndi zochepa, ndi bwino kuimbiratu foni n'kunenetsa kuti mukufuna chipinda cha m'nyumba yakale, osati cha kuseri.